Bwato la pa mtsinje wa glacier ku Alaska, munthu wosatha kusambira angakwere?

Mphunzitsi wopuma, Chitakale:

Muli bwanji nonse, tandithandizeni maganizo inu amene munayendako kunjaku. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ya unesi ku Seattle ku America ndiye watilipilira ine ndi bambo ake ulendo wa sitima ya pamadzi ija amati kruzi, masiku 7 mu Julaye, kunyamukira ku Seattle konko kupita ku Alaska nkubwerera. Sitimayo ikaima ku Juneau, Skagway ndi Ketchikan, ndiye watitumizira mndandanda pa WhatsApp wa zoti tingakachite tikatsika, akuti tisankhe msanga malo amatha. Bambo akunyumba aloza chala pa chinthu chimodzi basi, kukwera bwato la mphira lopopa lija pa mtsinje wa Mendenhall ku Juneau, akuti umachokera pa glacier, chimtsinje cha ayezi, ndipo alembapo kuti nkoyenera ongoyamba kumene. Ine mtima uli mmwamba. Kusambira sinditha, madzi amene ndimawadziwa ndi a m'bafa ndi a Likhubula ofika m'mawondo, komanso chichokereni Freddy ndikangomva mkokomo wa mtsinje thupi limachita tsemwe, tonse tinaona zimene Ruo ndi Thuchila anachita mu Malichi 2023. Bambowo ali ndi zaka 64, amamwa mankhwala a BP koma akuti iwo anakwerapo Ilala mpaka Nkhata Bay nde sangaope kamtsinje kkkk. Funso langa ndi lakuti mawu oti "ongoyamba kumene" wa ngoona kapena nkutsatsa malonda chabe? Nanga glacier yo munthu umaiona bwinobwino uli m'bwatomo? Ngati pali china chabwino kuposa chimenechi ndiuzeni ndisanamuyankhe mwana.

Wa ku Luchenza, ndinagwirapo pa sitima:

Mayi, ndagwirapo ntchito m'khitchini ya sitima zimenezi nyengo ziwiri ndipo tsiku lina la ofu ndinakwera bwato lomwelo, nde ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Choyamba osamangowerenga mawu okometsa, yang'anani nambala ya kalasi. Mitsinje ya masewerawa anaigawa kuyambira kalasi 1 mpaka 6. Kalasi 1 ndi madzi oyenda phee ngati Shire pa Liwonde, 2 timafunde tapang'ono ndi miyala yoti wopalasa amaizemba mosavuta, 3 ndi pamene bwato limadumpha madzi nkukuthirani kumaso, kuyambira 4 kupita mtsogolo musayerekeze nkomwe, 6 nde ngakhale akatswiri amangoyang'ana ali kumtunda. Mendenhall amauika pa 2 mpaka 3, kutengera kuchuluka kwa madzi tsiku limenelo. Koma malo ovutawo ndi kagawo kochepa, ulendo wonse wa pamadzi ndi makilomita ngati 8 ndipo mbali yaikulu mumangoyandama nkumacheza.

Chachiwiri, ichi nde chofunika kwambiri kwa inu, funsani kuti nkhafi agwira ndani. Pali mabwato ena oti gaidi amakhala pakati ndi nkhafi ziwiri zazitali nkumapalasa yekha, inu ntchito yanu nkukhala ndi kugwira chingwe basi. Ena amapatsa aliyense kankhafi kake nde mumakhala m'mphepete mwa bwato nkumapalasa iye akakuwa. Inu ndi bambo tengani loyambalo. Mwana akamabukitsa afunse zimenezo mwachindunji.

Za glacier yo ndinene zoona musadzakhumudwe. Ndi chimtsinje cha ayezi chotalika pafupifupi makilomita 21, chimatsika kuchokera ku chipululu cha ayezi chotchedwa Juneau Icefield, ndipo kuchokera mtauni mpaka kumeneko ndi makilomita ngati 19 pa basi. Mumakwerera bwato pa nyanja ya Mendenhall, glacier ili tsidya, mumaiona ndithu yoyera mosakanikira ndi buluu, pambali pake mathithi a Nugget akugwa, nthawi zina zidutswa za ayezi zikuyandama. Koma simufika poti nkuigwira ayi, ili patali, ndipo mukangolowa mumtsinje mwaipatsa nkhongo, kenako mitengo yaibisa. Kutsogoloko mumadutsa kuseri kwa nyumba za anthu, mumaona mpaka makhonde awo, ine ndinaseka poti ndinkaganiza kuti ndili kutchire kwenikweni. Ayeziyo akubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, nyanja mumakwererayo kunalibe zaka 100 zapitazo, inayamba cha m'ma 1929 pamene glacier inasiya dzenje. Madzi ake ndi otuwa ngati mwasungunuliramo simenti, sikuti ndi akuda, ndi fumbi la miyala imene ayezi amapera akamasuntha, ngati mphero.

Amakupatsani jekete yoyandamitsa, chijasi cha mvula, buluku la pulasitiki ndi majombo. Potsika ife anatipatsa nsomba ya salmon yowamba ndi chakumwa chotentha. Zonse pamodzi ndi basi zinatenga maola atatu ndi theka. M'bwato langa munali agogo ena achizungu oyendera ndodo, anatsika akuseka.

Gaidi wa m'phiri, Likhubula:

Amayi ku Alaska sindinafikeko ine, koma zaka zonsezi ndakhala ndikukweza alendo ku Chambe, Lichenya mpaka Sapitwa nde za madzi ozizira ndingayankhulepo. Inu mukudandaula zosambira koma mdani weniweni ndi kuzizira. Pa Dziwe la Nkhalamba pompa mu Juni ndaonapo anyamata amphamvu odziwa kusambira akudumphira nkutuluka maso ali tong'o mpweya ukukanika, chifukwa thupi likagwera m'madzi ozizira mwadzidzidzi limakoka mpweya lokha osafuna iwe, mtima nkuyamba kuthamanga. Tsono awo ndi madzi a m'phiri mwathu muno, kuli bwanji ongosungunuka kumene ku ayezi, amene amangoposa 0 ndi madigiri ochepa? Nchifukwa chake za BP ya bambo musazitenge mwachibwana, apite kwa dokotala wawo amuuze zimene akufuna kukachita, ndipo pa fomu imene azikasaina asakabise.

Jekete ija ikamangidwa bwino munthu sumira olo usathe kusambira, koma izikhala yothina, gaidi akaikoka m'mapewa isamafike m'makutu. Zitachitika kuti mwagwera, gonani chagada miyendo kutsogolo kumene madzi akupita, osayesa kuimirira pakati pa mtsinje chifukwa phazi likakodwa pa mwala madzi amakugwetsa chafufumimba. Lamulo limenelo ndi limodzi kaya ndi Ruo kaya ndi ku America.

Zovala, osavala za thonje mkati, zikanyowa zimamata pathupi nkumakuyamwani kutentha. Jinzi ayi. Pitani pa kaunjika pa Chitakale pompo kapena ku Limbuli tsiku la msika mukapeze majuzi a fleece aja, masokosi a ubweya awiriawiri, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi, zimatchipa poti anthu kuno amazifuna miyezi iwiri yokha. Ndipo pepani amayi, chitenje tsiku limenelo chikhale m'chikwama, muvale buluku.

Mlongo wanu wa ku Bvumbwe:

Ine nde sindikumvetsa. Madola oposa 100 munthu mmodzi kuti akakunyowetseni ndi madzi ozizira?? Kuno chiperoni chimatinyowetsa ulele kkkkk. Achemwali, basi ilipo yopita ku malo oonerako glacier yo, mukayenda wapansi kanjira kosalala kukafika pa mathithi aja, mujambulitse zithunzi zoti tidzaone, mubwerere muli ouma. Abambowo asiyeni akwere ndi mwana wawo ngati afunitsitsa.

Wa ku Luchenza, ndinagwirapo pa sitima:

Kkkk mayi a ku Bvumbwe sanalakwe kwenikweni, ngati cholinga chili kuona ayezi ndiye kumtunda mumaona nthawi yaitali kuposa m'bwato. Koma kunyowa nde munyowabe, Juneau ili mkati mwa nkhalango ya Tongass ndipo mvula yake ndi yamawawa ngati ya ku Thyolo kuno, imagwa olo mu Julaye amene iwo amati ndi chilimwe. Kutentha kwake masana kumangofanana ndi Juni wathu.

Ndinaiwala nkhani ya nthawi. Tauni ya Juneau ndi likulu la Alaska koma kulibe msewu wochokera kwina, umalowa pa ndege kapena pamadzi basi, nde sitima ikakusiyani mwagula tikiti ya ndege ndi ndalama zanu kuti muipeze kutsogolo. Mukabukitsa kudzera ku sitima zimadulako koma ulendo ukachedwa amakudikirani, mukabukitsa panokha kwa a kumtunda mupulumutsa pang'ono koma ikakwana nthawi amachotsa mlatho, ndaonapo anthu akuthamanga pa doko zikwama m'manja ife tikuwayang'ana pamwamba. Kwa inu oyamba, lipirani ya ku sitima. Wotchi ya ku Alaska imatsalira ola limodzi pa ya ku Seattle, ndipo dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 18 nde limanamiza, umaona ngati ndi 4 koloko chonsecho ndi 8 usiku.

China, onetsetsani za visa ya Canada. Sitima zochokera ku Seattle zimaima pa Victoria, mzinda wa ku Canada, pobwerera chifukwa cha lamulo lakale la America la 1886 lokhudza sitima zolembetsedwa kunja, nde ife a pasipoti ya Malawi ya America yokha sikwanira, olo mutati simutsika. Mwana afunse kampaniyo lero lomwe.

Mwana wa ku Makwasa, ndili ku sukulu kunja:

Mayi poti mwatchula Freddy pali chinthu chimene sichinanenedwe ndipo ndi bwino muchimve kwa ife kusiyana nkukachimvera m'basi. Mtsinje umenewu uli ndi napolo wakewake. Pamwamba, m'mbali mwa glacier, pali chigwa chotchedwa Suicide Basin, mmene kale munali ayezi koma anasungunuka, nde madzi a mvula ndi osungunuka amadzadza mmenemo ayezi a Mendenhall atawatchinga ngati damu. Akachuluka amanyamula ayeziwo nkudutsa pansi, onse nkukhuthukira mu nyanja kenako mumtsinje, kunja kuli ngwee popanda ndi dontho la mvula. Zinayamba mu 2011 ndipo zimachitika chaka chilichonse, kawirikawiri Julaye kapena Ogasiti. Mu Ogasiti 2023 gombe linakokoloka nyumba yathunthu nkugwera mumtsinje anthu akujambula, mu Ogasiti 2024 madzi analowa m'nyumba pafupifupi 300.

Koma kusiyana kwake ndi zathu nkwakuti uko anaikako makamera ndi zoyezera, a zanyengo amaona chigwacho chikudzadza tsiku ndi tsiku ndipo chikayamba kutuluka madzi amatenga tsiku kapena awiri kuti afike pachimake, sikuti amakudzidzimutsa usiku ngati mmene zinatichitira ife. Zikatero mabwato sayenda. Nde choopsa chenicheni kwa inu nchoti ulendo utha kulephereka, funsani ngati amabweza ndalama zonse zikatero. Komanso madzi akakwera ndi mvula kalasi 2 ija imasanduka 3, mmawa wake mufunse gaidi kuti lero mtsinje uli bwanji, akayankha mozungulira muli ndi ufulu wotsala.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana tsiku la ku Skagway. Kuli mtsinje wa Taiya ku Dyea, madzi akenso ndi ochokera ku ayezi koma odekha, kungoti maulendo ambiri amayamba nkuyenda wapansi makilomita ngati atatu pa njira ya Chilkoot imene ankadutsa ofuna golide ku Klondike mu 1897 ndi 1898, ndipo poyambira pake ndi chitunda chamiyala ndi mizu, kaya mawondo anu ali bwanji. Kapena kuwoloka pa boti mphindi 45 kupita ku Haines, mtsinje wa Chilkat, kumene boma linapatula malo mu 1982 osungirako ziwombankhanga za mutu woyera zija, zofanana kwambiri ndi nkhwazi zathu za kunyanja. Kumeneko kulibe mafunde nkomwe, vuto lake nkuchepa kwa madzi, bwato limatha kukhala pa mchenga gaidi nkutsika kukakankha. Mbalamezo zimachuluka zedi mu Novembala, mu Julaye muona zochepa koma muona. Glacier yokha nde simuiona pafupi ngati ku Juneau.

Mphunzitsi wopuma, Chitakale:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerengera bambo zonse mokweza, pa nkhani ya dokotala anayamba kung'ung'udza koma avomera, tipita Lachiwiri. Za visa ya Canada mwana wadzidzimuka, akuti iye poti ali ndi mapepala a komweko sanaziganizire nkomwe, nde achimwene a ku Luchenza mwatipulumutsa.

Tagwirizana chonchi. Ku Juneau tonse atatu tikwera basi kukaona glacier kumtunda mpaka pa mathithi aja, ndiione mokwanira mapazi ali pansi. Za bwato la Mendenhall bambo akwera ndi mwana wawo ngati dokotala walola ndipo likhale lija lopalasa gaidi, ine ndiwadikira ndi tiyi wanga wa kwathu mu fulasiki, achemwali a ku Bvumbwe mwawina theka. Koma kuti ndisabwerere osakwerako bwato, la ku Haines lija nde ndalifuna, mtsinje woti bwato limakhala pa mchenga ndi saizi yanga imeneyo, komanso ndikufuna ndikaone ngati nkhwazi za azungu zimalira ngati zathu.

Achimwene a ku Likhubula, majombo amatipatsawo munthu umavala ndi nsapato zako mkati kapena masokosi okha? Ndifunse ndisanapite ku Limbuli, ndingakagule masokosi onenepa nkukakanika kulowa.