Penti wa Beetle uja wapezeka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za Volkswagen Beetle ya 1965 imene malume anandisiyira kuno ku Harare. Ndinkafuna penti wofiira wa ku fakitale, pomwe galimotoyo inali itazilala ndi dzuwa.

Ambiri munati ndiyambe ndi nambala ya mtundu wa pentiyo. Ndi L456, umene Volkswagen inkautcha Ruby Red. Koma nambalayo payokha sinathandize kwenikweni. Penti wa masiku ano sasakanizidwa ndi zinthu zakale zija, ndipo penti woyamba amene anandisakanizira ku Graniteside, dera la mafakitale muno mu Harare, ankaoneka ngati walalanje.

Ndinatsatira malangizo a achimwene ena a ku Mufakose, muno mu Harare, amene anandiyankha. Ndinamasula kachitseko ka glovebox, kabokosi kosungiramo zinthu kutsogolo m'galimoto, chifukwa kuseri kwake dzuwa silifikako. Nditapukuta pang'ono ndi polishi, kufiira kwake kunatulukira, kozama bwino. Kushopu anakayeza ndi makina owerenga mtundu, kenaka wosakaniza n'kumawonjezera timadontho poyerekeza ndi maso.

Amene mukufuna kuchita zomwezi, musalole kuti apopere galimoto musanaone pa kachitsulo koyesera. Kaume kaye, mukaonere panja masana, osati pansi pa magetsi a m'galaja. Komanso primer, penti woyamba wapansi, akhale yemweyo amene adzapake pa galimoto, poti wofiira amasintha malinga ndi zimene zili pansi pake.

Za clear coat, vanishi wonyezimira wopaka pamwamba pa penti, ndinakana. Ndinasankha penti wa 2K, wosakaniza ndi cholimbitsa, wosafuna kuphimbidwa, chifukwa Beetle yonyezimira ngati yatsopano siyindisangalatsa. Apopera Loweruka lapitali, panopa ndikusaka mphira za mawindo.