Makina otchetchera kapinga aja alira tsopano

Paja ndinafunsa za makina otchetchera kapinga, aja okwerapo ngati kathirakitala, amene timagwiritsa ntchito pamalo ogona alendo kunyanja kuno ku Mangochi. Ukapotokola kiyi ankangoti "tiki" kamodzi, basi zii.

Ambiri munati batire yatha. Titayeza, inaonetsa 12.6 volts, kutanthauza kuti inali yodzaza ndithu. Vuto linali pamitu ya batire: panaundana ufa wobiriwira woyererako umene unkatchinga moto wopita ku sitata, kamota kamene kamazunguza injini poliza. Makaniko wa kuboma anayamba kumasula waya wa negetivi, n'kupala mitu yonse ndi sandipepala mpaka mtovu unawala, atamanganso n'kupakapo girizi pang'ono.

Amene munatchula maswitchi a chitetezo munali ndi mfundo, chifukwa makinawa amakana kulira ngati sunaponde buleki kapena ngati switchi ya mipeni yotchetchera ili yoyatsa. Koma zikanakhala zimenezo, ngakhale "tiki" uja sakanamveka.

Mitu ya batire itapalidwa, injini inayamba kuzungulira koma osagwira. Apa ndiye panali petulo wakale, wotsala mvula yatha ija, amene anagona m'thanki chilimwe chonse. Ndi kutentha kwa kunoku, anali atasanduka wachikasu chodera, akununkha ngati vanishi, ndipo anatseka kabowo ka jeti, kodutsira petulo mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Tinakhuthula yense, kutsuka kabuleta, kuika pulagi yatsopano yoyatsira petulo mu injini, injini n'kugwira.

Chatsala ndi fyuluta ya mpweya, yadzaza fumbi moti kukuntha sikukuthandizanso. M'mashopu a pano sindinaipeze, tiitanitsa ku Blantyre.