Mjigo kapena nyumba ya aphunzitsi? Gulu la chitukuko cha kwathu ku Mkanda

Mlembi: Abale, ndalama zomwe tasonkha zikukwana ntchito imodzi yokha. Komiti ya sukulu yati tisankhe, kukumba mjigo pasukulu kapena kumaliza nyumba ya aphunzitsi ija inaimira pa mawindo. Tiyankhulepo.

Nabanda wa ku Lilongwe: Ine mjigo. Ndinali kumudzi sabata yatha. Ndowa zosambira m'manja zilipo pakhomo la kalasi iliyonse, koma pofika 9 koloko zonse gwaa. Atsikana a Sitandade 7 ndi amene amatumidwa kudambo, anzawo akuphunzira.

aPhiri, mphunzitsi wopuma: Mayi, mwaona ndowa koma mphunzitsi simunamuone. Sukulu zitatsegulidwanso mu Okutobala 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, makalasi anagawidwa pawiri kuti ana asathithikane. Mphunzitsi yemweyo aphunzitse gulu lam'mawa, abwereze zomwezo masana, masiki ili kukamwa, mawu mpaka kusasa. Akaweruka apalase njinga kupita kunyumba ya lendi pa trading. Mwana wa mlongo wanga amaphunzitsa pomwepo, nthawi ya mvula amafika buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Ndiye anthu ankadabwa a bungwe la aphunzitsi la TUM atanyanyala ntchito mu Febuluwale 2021 pofuna ndalama za ukadziotche?

Wa ku Joni: Nyumba za aphunzitsi ndi udindo wa boma. Ife tizingosenza katundu wa eni ake?

aPhiri: Mwana wanga, njerwa za nyumba ija anaumba ndi makolo ako. Boma silinaumbeko ngakhale imodzi.

Nabanda: Zoona bambo, koma nyumba ithandiza banja limodzi. Mjigo amwa ana onse, ndi aphunzitsi omwewo.

Mai a Tadala: Pepani ndilowerereko. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ana athu ankauzidwa kuti azimvera maphunziro pa wailesi. Pamudzi pathu wailesi zinali ziwiri, ina yopanda mabatire. Amene ankayenda khomo ndi khomo kufunsa atsikana omwe sanabwerere kusukulu anali madamu aja a Sitandade 8, wapansi. Akanakhala pasukulu pompo bwenzi atapeza ambiri asanakwatiwe.

Wa ku Joni: Nanga malata ndi simenti zikwana? Tisayambe chinthu n'kuimanso pa mawindo.

Mlembi: Mmisiri adzatiuza mitengo ya zipangizo Loweruka. aPhiri, mutifunsireko kwa amfumu ngati mudzi ungatute mchenga.

aPhiri: Ndipita mawa, ngolo ya ng'ombe ndibwereka ndekha.