Mahampu kapena kuletsa kuimika galimoto mumsewu? Ndithandizeni nzeru

Wofunsa:
Moni nonse a pagulu lino. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa amisiri a misewu ngati alipo muno.

Msewu wodutsa pakhomo pathu ndi waung'ono, wa ife okhala m'derali. Koma chiyambireni kupanikizana kwa galimoto pamsewu waukulu, madalaivala anautulukira kuti ndi njira yachidule, ndipo amalowa ndi liwiro lomwelo la kumsewu waukulu. Ana asukulu amayenda m'mphepete momwemo, mbali inayo kuli ngalande.

Vuto lina n'lathu lomwe. Makomo ambiri ali ndi galimoto ziwiri pomwe m'mpanda mumakwana imodzi, ndiye inayo imagona panja. Wina waimika pakona penipeni, wina watseka theka la geti la mnzake. Ine potuluka ndimachita kusuzumira ngati wakuba, chifukwa chigalimoto cha aneba chimanditchingira zonse zobwera kumanja.

Tili ndi msonkhano wa eni nyumba posachedwa ndipo tagawikana. Ena akuti tisonkhe ndalama, tigule simenti, tiumbe mahampu tokha. Ena akuti tiletse kuimika galimoto mumsewu kuti paoneke poyera. Ine mtima wanga uli ku gulu lachiwirili. Ndikanene zotani kumeneko?

Dalaivala wakale:
Amayi, za kuumba nokhazo musayerekeze. Hampu youmba anthu wamba imakhala yaifupi, yosongoka, yopanda penti ngakhale chikwangwani. Wa njinga yamoto usiku saiona, ndipo akagwa n'kuvulala mlandu ungathe kukugwerani inu, popeza msewuwo mwini wake ndi khonsolo. Komanso ife madalaivala tikaona hampu yokhula pansi pa galimoto timailambalala. Tilambalalira kuti? M'mphepete momwe mukuyenda anamo.

Mmisiri wa misewu:
Mayi, pepani, ndiyamba ndi kutsutsa maganizo anu omwewo. Mukachotsa galimoto zonse m'mbali, msewu utakasuka, ndipo dalaivala akaona njira yotakasuka ndi yowongoka amaponda mafuta osadziwa n'komwe. Liwiro amalitengera pa mmene msewu ukuonekera, chikwangwani amachiona pambuyo. Galimoto zikukunyansanizo ndi zimene zikuwabweza pang'ono othamangawo panopa.

Kuipa kwake n'koti zimabisa ana. Mwana wotulukira pakati pa galimoto ziwiri zoimikidwa saoneka mpaka ataponda kale mumsewu. Apa ndiye liwiro limaweruza. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ya pa 30 imadya mamita 8 ndi pang'ono. Dalaivala, ngakhale watcheru, amataya pafupifupi sekondi phazi lisanafike pa buleki. Ndiye pamtunda womwe wa 30 waima kale, wa 50 uja akungoyamba kumene kuponda buleki. N'chifukwa chake msonkhano waukulu wa za ngozi zapamsewu womwe unachitikira mumzinda wa Stockholm ku Sweden mu 2020 unalimbikitsa liwiro la 30 paliponse pomwe galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi. Mzinda wa Graz ku Austria unayamba kale zimenezi mu 1992 m'misewu yake yaing'ono, wa Brussels ku Belgium n'kudzachita zake mu 2021.

Ndiye kapempheni kuti galimotozo zisanjidwe, osati zichotsedwe. Malo oimikapo alembedwe ndi penti, angapo mbali ino, chapatsogolo angapo mbali inayo, kuti wodutsa azikhota uku ndi uku m'malo mongolunjika. Pakona, pamageti ndi powolokera ana pakhale posaimika chilichonse.

Mahampu ndi abwino akamangidwa mwa dongosolo. Mtundu wofala, womwe anaupanga ku Britain m'zaka za m'ma 1970, ndi wotalika mamita 3.7 koma kukwera kwake sikupitirira masentimita 10, moti galimoto imakwera n'kutsika bwinobwino ngati sikuthamanga. Imodzi yokha sithandiza kwenikweni, munthu akangoidutsa amapondanso mafuta. Zimafunika zingapo, zotalikirana mamita osapitirira 100 kapena cha pomwepo. Ndipo womanga asiye mpata m'mbali woti madzi amvula azidutsa, apo ayi adzadikha pageti pa wina.

Namwino:
Musaiwale ambulansi ndi ozimitsa moto. Wodwala wothyoka fupa amamva hampu iliyonse. Pali mtundu wina womwe sudutsa msewu wonse, amangokweza kachigawo pakati pa njira. Matayala a galimoto yaikulu, popeza ndi otalikirana, amadutsa uku ndi uku, pomwe yaing'ono imakwera ndithu. Kafunseni za umenewo. Koma chimene chimatichedwetsa kwambiri ndi galimoto zoimikidwa moyang'anizana mbali zonse ziwiri, pakati n'kutsala kampata koti ambulansi singalowe.

Wina wapagulu:
Hampu ili pafupi ndi zenera la kuchipinda kwanga. Lole yopanda katundu ikadutsa pakati pa usiku, zitsulo zonse zimalira, kenako injini kubangula ponyamukanso. Kumsonkhano kwanuko aliyense avomera mahampu, koma mukafunsa kuti ikhale pakhomo pa yani muona anthu akuyang'ana pansi. Funsoli mulifunse msanga.

Winanso:
Khonsolo? Mudikira mpaka ana anuwo adzagule galimoto zawo.

Mlembi wa komiti ya eni nyumba kwina:
Zoona amachedwa, koma zimatengeranso mmene mwapemphera. Kalata ya munthu mmodzi yongoti "galimoto zikuthamanga" imagona m'kabati. Ife tinalemba imodzi, khomo lililonse n'kusaina, tinaikamo zithunzi za pakona pomwe pamatsekeka, ndi nthawi zomwe galimoto zodutsa zimachuluka. Aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi analembanso yawo, ndipo khansala tinamuitana adzaime nafe pamsewu nthawi yomwe ana akuweruka. Pemphani kuti abwere adzayeze liwiro ndi kuwerenga galimoto. Podikirapo, za kuimika pakona ndi pamageti mungathe kugwirizana nokhanokha mawa lomwe, sizilira simenti.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Kumsonkhano ndikapereka zitatu: kalata yopita ku khonsolo, kusiya pakona ndi pamageti poyera, ndi kusanja galimoto mosinthanasinthana mbali. Bambo amisiri, ndifunsenso. Mbali ya ngalande ilibe malo oti munthu wotsika m'galimoto apondepo. Kodi kusinthanasinthana mbaliko kungathekebe, kapena zonse ziziima mbali imodzi? Nanga aneba a chigalimoto chija, amene ndikukhala nawo bwino ndipo sindikufuna kuyambana nawo, ndiwayambe ndekha tisanafike kumsonkhano kapena ndisiyire komiti?