Mota ilibe vuto koma timafitcha tapamwambati tanditopetsa

Mwini_Yamagetsi:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi galimoto yamagetsi yapamwamba, dzina sinditchula, chaka chachitatu tsopano ndipo kunena chilungamo mota ndi batire lalikulu sizinandikhumudwitsepo, palibe zosintha oyilo, ukangoponda imangouluka ili phee. Koma tinthu tomwe tinandikopa pogula ndi tomwe tikundidwalitsa mutu. Zogwirira zitseko zija zimabisala n'kutuluka zokha ukayandikira, tsiku lina kukugwa mvula chakumbuyo chinakana kutuluka, mwana akunyowa panja ine ndikungodina kiyi ngati wopenga. Sabata yatha sikirini inazima ndili pa msewu, ndiye AC, mapu, wailesi zonse zili mommo. Ndi yanga yokha kapena ndi mmene zilili?

Sipanala10:
Akulu musanatukwane kompyuta kayezetseni kaye batire laling'ono la 12V. Anthu ambiri sadziwa kuti yamagetsi nayo ili nalo, ndipo ndi lomwe limadzutsa makompyuta, maloko ndi sikirini, ndi lomwenso limatseka ma contactor (maswichi akuluakulu a magetsi) kuti batire lalikulu lilumikizike. Likafooka galimoto imayamba misala yosiyanasiyana, mwina osadzuka n'komwe chonsecho lalikulu lili pa 80%. Zaka zitatu ndi nthawi yake ndithu. Zogwirira zija ndiye chilichonse chili ndi kamota kake ndi sensa, madzi akalowa basi.

MayiWaChiwongolero:
Ine chomwe sanandiuze pogula ndi matayala. Magalimoto amenewa ndi olemera, ambiri amapitirira matani awiri, kuphatikiza mphamvu yobwera nthawi yomweyo ija ndiye akumbuyo amatha ngati sopo kkkk. Mabuleki ndi nkhani ina, chifukwa mota ndi yomwe imachepetsa liwiro n'kumabwezera moto m'batire ma pad amakhalitsa kwambiri, koma ma disc anga anachita dzimbiri chifukwa chosagwira ntchito, makaniko anandiuza kuti ndiziponda mwamphamvu apo ndi apo. Komanso onani bwino pepala la waranti achimwene, batire lalikulu ambiri amapereka zaka 8 kapena makilomita 160,000 koma sikirini, zogwirira ndi sasipenshoni ya mpweya zili pa waranti wamba yomwe imatha msanga.

Chaja_Yachangu:
Aaa komatu musanyoze mafitcha onse. Yanga ndimatha kuiziziritsa pa foni ndisanatuluke m'nyumba, ndipo vuto lina la sikirini linatha ndi update usiku ndili mtulo, osapita ku galaja. Nanga mphamvu ya batire ya 800V yomwe Porsche Taycan inabwera nayo mu 2019 si fitcha? Kutchaja kuchoka pa 5 kufika 80% m'mphindi zosakwana 25 pa chaja yamphamvu, imeneyo ndiye yothandiza. Zomwe ndikugwirizana nanu ndi zoti kubisa chilichonse mu sikirini n'kulakwitsa, ngakhale a Euro NCAP, bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, anaona, malamulo awo a 2026 akufuna ma indiketa, hutala, ma wayipa ndi ma hazadi zikhale ndi mabatani enieni.

Mwini_Yamagetsi:
Sipanala10 mwalasa, ndapita lero ayeza ndipo la 12V lija lapezeka lofooka, asintha. Sikirini tiona masiku akubwerawa. Chogwirira akuti kamota kake kafika pakatha masabata atatu, pakadali pano mwana akulowera chitseko chinacho.