Kodi "mlendo ndi mame" ndi mawu aulemu kapena opirikitsira munthu?

Mdzukulu wa ku Jali:
Akuluakulu odziwa Chichewa chakale, ndithandizeni. Mayi athu anatisiya mwezi wathawu, tinawaika kwawo kufupi ndi Jali. Tsiku lometa, mbumba itakhala pansi kukambirana za munda ndi nyumba, amalume aakulu anati kwa bambo athu: "Alamu, paja mlendo ndi mame." Basi, sanapitirize. Bambo anangowerama n'kumalemba pansi ndi kamtengo.

Bambo kwawo ndi ku Ntcheu. Anafika ku Zomba ali mnyamata kudzagwira ukalipentala, ndipo akhala pachikamwini zaka zoposa 30. Mango onse a pakhomopo anadzala ndi iwo. Maliro akagwa m'mudzimo, bokosi amakhoma ndi iwo. Ine mwambiwu ndinaumva kusukulu, ndipo ndinkayesa ngolimbikitsa kuchereza alendo. Nanga pamene paja amalume amatanthauzanji? Komanso mbali yotsalayo, "sachedwa kukamuka", kukamuka n'kutani?

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Pepani ndi zovutazo mwanawe. Kukamuka ndi kuphwa kwa chinyezi. Pitani m'munda mbandakucha, udzu ukunyowetsani mpaka m'mawondo, koma dzuwa likangokwera pang'ono simupezanso kanthu. Mwambiwu akale ankauza mwini nyumba, osati mlendo. Mayi akamang'ung'udza kuti ufa ukutha chifukwa cha mlendo, apongozi ankati pirira, mlendo ndi mame, mawa apita ndipo chimene akakambe kwawo ndi mmene unamusungira. Mnzake wa mwambiwu ndi uja woti mlendo sathyola mphasa. Kumuuza mlendoyo pamaso ndiye kuutembenuza mwambi chadodolido. Ndiponso ine sindinaonepo mame okhala pa udzu zaka 30.

Mjomba wa ku Songani:
Aphunzitsi, za m'buku mwakhoza, koma za kumudzi mwazilambalala. Kuno mkamwini ndi mlendo mpaka tsiku lomwe adzachoke. Dzina lomwelo likunena kale kuti munthuyu ali ndi eni ake kwina. Munda si wake, ndi wa mbumba, ndipo woyang'anira ndi malume. Mkazi akamwalira pamakhala kusudzula, mwamuna amamasulidwa kuti akhoza kubwerera kwawo kapena kukakwatira kwina. Musaiwale kuti mwambo umenewu ukuteteza inu nomwe ana. Bambo atakwatira mkazi wina n'kumulowetsa pamundapo, mudzalima kuti? Amalume anu anasankha mawu ofewa. Ena sazungulira, amangotulutsa katundu panja.

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Kusudzula sindikukutsutsa. Ndikukana kubwereka mwambi wa kuchereza kuti ugwire ntchito ya chikwanje. Ndipo midzi yambiri ndaiona mkamwini wokalamba akusiyidwa kuti asamalidwe ndi ana ake pomwepo.

Mayi a ku Chinamwali:
Musaone ngati n'za amuna okha. Ine ndinakwatiwa kumpoto kumene amalowola, ndinakhalako zaka 14, Chitumbuka ndimayankhula ngati mbadwa. Koma ikafika nkhani ya malo ankati mlamu tapitani mukaone ndiwo pamoto. Ubwino wako amauwerenga, koma pa mphasa ya eni mudzi sukhalapo.

Wa ku Chikanda:
Ine funso langa n'lakuti mu Zomba muno amene si mame ndani? Tiyeni tiwerenge chobwerera. Alomwe ambiri anayamba kulowa kuno cha m'ma 1890 kuchokera ku Mozambique, kuthawa misonkho ndi ntchito yakalavula gaga ya Apwitikizi. Anafikira m'minda ya azungu ngati ya ku Magomero, kumene malo okhala ankalipira ndi thangata. Anthu anawapatsa dzina loti Anguru, dzina lonyoza, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 kuti boma lizilemba Alomwe. Ambiri anasiya chiyankhulo chawo kuti asamalozedwe chala, n'chifukwa chake lero mupeza Mlomwe wa ku Jali kapena ku Mayaka amene Chilomwe sachidziwa, ngakhale kuli gulu losunga chikhalidwe chawo la Mulhako wa Alhomwe. Mwina amalume anuwo agogo awo anafika choncho, atasenza mphika ndi mphasa.

Amene ankawaona Alomwe ngati obwera ndi ayani? Ena mwa iwo ndi Ayao, amene nawonso anali atangofika cha m'ma 1860, mafumu ngati Malemia ndi Kuntumanji n'kukhazikika pakati pa Amang'anja ndi Anyanja a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Amang'anjawo nthano zawo zomwe zimavomera kuti anapeza Akafula, anthu aafupi aja ankafunsa kuti "mwandionera pati?" Ukati ndakuonera patali amakusiya, ukati pompano walakwa. Tikuseka nthanoyo, koma taonani kuti eni dziko oyambawo tinawasandutsa nthabwala.

Amene anakamukadi ndi ena. Azungu anaika likulu lawo pano mu 1891 nthawi ya Harry Johnston, ankadziona ngati eni phiri lonse, lero kwatsala nyumba zawo zakale m'munsi mwa phirimo. Likulu lomwelo linatithawa mu 1975 kupita ku Lilongwe. Koma amene anabwera ndi khasu sanakamuke. Mawu oti "obwera" amangodikira kuti pabwere wina pambuyo pako, basi wasanduka mbadwa.

Kabaza wa pa Mpondabwino:
Bwana wa ku Chikanda mwatiphunzitsa mbiri yaulere kkkk. Koma mame enieni ndi ana a payunivesite pa Chanco omwe mumawachititsa lendi. Holide ikangofika tauni yonse imauma, ife makasitomala zii. Pamenepo ndiye mumadziwa kuti mame ndi amene amanyowetsa nthaka.

Mjomba wa ku Songani:
Mbiri yanuyo ndi yoona, koma siigawa munda. Maekala awiri omwe analima agogo lero akudyetsa mabanja asanu. Kale kunali thengo, mlendo ankangolozeredwa kuti yambira apo. Lero aliyense akuwerenga kuti wakwathu ndani, wakwina ndani, chifukwa malo atha. Si nkhanza zokha ayi.

Mayi a ku Chinamwali:
Nanga bwanji akamafuna bokosi samawerenga? Paja timati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko timakafuna, mwini wake ayi.

Mdzukulu wa ku Jali:
Zikomo nonse. Dzulo ndinalimba mtima ndinakawafunsa amalume. Akuti ine ndinamva molakwa. Akuti mawuwo amauza mbumba, makamaka asuweni athu awiri amene anayamba kale kuloza malire a munda, kuti munthuyu wakalamba, musamuvutitse, masiku ake ngochepa. Ndiye kuti aphunzitsi a ku Domasi akhoza. Koma ine ndinalipo, ndipo anayamba ndi mawu oti "alamu". Achemwali anga akuti maso a amalume anali pa asuweniwo, ine ndikuti anali pa bambo. Takanganapo mpaka usiku.

Bambo ndawafunsa ngati akufuna kubwerera ku Ntcheu. Anaseka pang'ono n'kuti kwanu n'kwanu, koma kumeneko owadziwa onse ali kumanda, ndipo ana a abale awo amawatcha "amalume a ku Zomba", mtchona wobwera pamaliro pokha. Akafika amawayalira mphasa ya alendo n'kuwaphera nkhuku.

Anzathu onse ayamba kale kugalauza. Munda wa mayi sunakhudzidwe, ndipo bambo khasu lawo analisiya pakhonde chiikireni maliro. Aphunzitsi, Mjomba, ine monga mwana wamkulu ndikawauze kuti alime, kapena ndidikire amalume anene okha?