Linux Mint pamalo otayipira ku Luchenza: ndithandizeni pa bandulo ndi mafayilo a makasitomala

Mayi wa Fotokope:

Moni nonse. Ndili ndi kamalo kotayipira ndi kufotokopa kuno ku Luchenza. Ntchito yanga yambiri ndi makalata ofunsira ntchito, ma CV, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, komanso mayeso a aphunzitsi teremu ikamatha. Makompyuta ndili nawo awiri, onse akale: ya patebulo ndi laputopu ya RAM ya 4GB. Windows 11 siingalowemo, ndiye Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, mwana wa achimwene anga anandiikira Linux Mint 22, sisitimu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows. Iyeyo wabwerera kusukulu, ndatsala ndekha.

Ndaikonda ndithu, laputopu yomwe inkachita kukoka miyendo pano ikuyaka msanga. Koma pali zondisowetsa mtendere. Bandulo ikutha ngakhale sindinatsegule chilichonse chachikulu. Chachiwiri ndi chomwe chikundiwawa kwambiri: kasitomala akabwera ndi CV yake ya Word pa fulashi, ndikaitsegula mu LibreOffice, pulogalamu yotayipira yomwe ili mu Mint, mizere imasuntha, ya masamba awiri imakhala atatu, tsamba lomalizalo lili ndi mzere umodzi wokha. Munthu walipira, akufuna akapereke ku esiteti ya tiyi mawa lake, ine ndimuuza chiyani? Komanso magetsi akathima ndili mkati motayipa pa ya patebuloyo, ntchito imapita yonse. Odziwa ndithandizeni, kubwerera mmbuyo sindikufuna.

Wokonza Makompyuta ku Chitakale:

Mayi, musabwerere, zonsezi zili ndi mankhwala ake.

Ndiyambe ndi ya CV chifukwa ndiyo imakudyetsani. Vuto si LibreOffice kwenikweni, ndi mafonti. Mafayilo ambiri a Word omwe anthu amayenda nawo analembedwa ndi Calibri kapena Cambria, ndipo mafonti amenewa pa kompyuta yanu palibe. Ikawasowa imaikapo ena omwe zilembo zake n'zonenepako, basi mizere n'kuyamba kukankhana. Alipo mafonti aulere, Carlito ndi Caladea, omwe anapangidwa dala kuti zilembo zake zizitenga malo ofanana ndendende ndi a Calibri ndi Cambria. Tsegulani Terminal, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, musaiope, mulembe izi:

sudo apt install fonts-crosextra-carlito fonts-crosextra-caladea

Ikufunsani pasiwedi. Mukamailemba pa sikirini sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi, ndi mmene inapangidwira, ingomalizani n'kudina Enter. Mukatero mutseke LibreOffice n'kuitsegulanso. Ikakanabe ndi fayilo ya Times New Roman kapena Arial, muikenso ttf-mscorefonts-installer mwa njira yomweyo. Sindikunamizani kuti zonse zidzakhala bwinobwino, mafayilo odzaza ndi timabokosi ndi zithunzi zoyandama amavutabe, koma ma CV wamba amakhazikika. Ndipo amene akungofuna kupulinta, osasintha kanthu, muziwapempha abwere ndi PDF. Ngakhale pa foni amatha kuisandutsa. Inunso zomwe mwatayipa nokha muziwapatsa ziwiri, ya docx yoti akasinthe ndi ya PDF yoti akatumize.

Za magetsi: mu LibreOffice pitani pa Tools, Options, Load/Save, General. Pali pamene imafunsa kuti izisunga yokha pakapita mphindi zingati, ikani 3. Pompo mupezanso posankha kuti nthawi zonse izisunga ngati fayilo ya Word, kuti musamachite kukumbukira. Koma dzanja lizolowere Ctrl ndi S mukamaliza ndime iliyonse. Ntchito zazitali ngati mayeso muzitayipira pa laputopu, batire ndiye UPS yanu, yosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima.

Pa bandulo, wakuba wamkulu amakhala Flatpak. Mu Software Manager pulogalamu imodzi imatha kupezeka mitundu iwiri, ya System Package ndi ya Flatpak. Ya Flatpak imabwera ndi katundu wake yense, moti kapulogalamu kakang'ono kamatha kukoka mamegabaiti mazanamazana, n'kumadzafunanso ena pa ma update. Musanadine Install yang'anani kukula kwake, ndipo ngati ya System Package ilipo tengani imeneyo. Mu Update Manager, pa Preferences, onani ngati mnyamata uja sanatsegule zoti iziika ma update yokha. Muzipanga nokha nthawi yomwe mwagula bandulo yokwanira, koma musawasiyiretu, makamaka a Firefox, chifukwa ndi amene amatseka mipata ya akuba a pa intaneti. Mint 22 ilandira ma update mpaka 2029, ndiye simuli pa changu chosinthanso.

Aphunzitsi a ku Muloza:

Achimwene a ku Chitakale anena zoona zokhazokha. Ine ndiwonjezere za mafulashi, chifukwa kusukulu kwathu ndi zimene zinandipangitsa kuikonda Linux.

Mukudziwa vairasi ija imabisa mafoda onse pa fulashi n'kusiya ma shortcut okhaokha? Mnzanga wina anabwera mu sitafu rumu maso ali gwa, akuti masikimu ndi malikisi a Fomu 4 zonse zapita. Tinailowetsa fulashiyo pa laputopu yanga, mafoda onse anali pomwepo, sanafufutike. Vairasi imeneyi imadalira Windows kuti igwire ntchito, pa Linux imangokhala fayilo wamba yoti mukhoza kuiona n'kuifufuta. Chochita n'chakuti mukopere mafoda enieniwo pa kompyuta, musiye mafayilo othera ndi .lnk, .vbs ndi autorun.inf, kenako fulashiyo muifomate ndi USB Stick Formatter yomwe ili kale mu Mint, posankha FAT32 kapena exFAT kuti ikawerengeke kulikonse, n'kubwezeramo mafoda aja. Mayi, imeneyi ndi ntchito yoti mukhoza kumalipiritsa. Anthu a mafulashi odwala ndi ambiri kuposa a ma CV.

Chenjezo limodzi lofunika kwambiri: osazula fulashi chifukwa choti kamzere ka kukopera kafika kumapeto. Linux nthawi zina imakhala ikulembabe mwakachetechete. Dinani kachizindikiro kotulutsira, mudikire ikuuzeni. Kasitomala ngakhale akuti minibasi ya ku Limbe ikumusiya, adikire, kusiyana n'kukafika ndi fayilo yosatseguka.

Kwa aphunzitsi anzanga omwe akuwerenga, ikani Kiwix. Imatsegula Wikipedia popanda intaneti. Yonse ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi ndi yaikulu zedi, yoposa 100GB, koma pali zigawo zing'onozing'ono za masamu, chemistry ndi zina. Mmodzi akatsitsa komwe kuli Wi-Fi, enanu mungokopera pa fulashi. Ana a kuno kumalire, omwe ambiri foni ya intaneti kwawo kulibe, amaunjikana pa laputopu imodziyo nthawi ya buleki mpaka belu kulira.

Mnyamata wa ku Bvumbwe:

Ine ndisiyaneko nanu pang'ono akuluakulu. Linux ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma Mayi asauzidwe zokoma zokhazokha. Akabwera munthu ndi fayilo ya Publisher kapena ya CorelDRAW, monga makadi a ukwati aja, muvutika nayo. LibreOffice Draw ndi Inkscape, mapulogalamu ojambulira, zimayesa kutsegula koma nthawi zambiri zinthu zimabalalika. Kupanga khadi latsopano mu Inkscape kapena Scribus kumatheka bwino, kungoti mufunika kukhala pansi n'kuphunzira.

Chinanso ndi pulinta. Yomwe muli nayo ngati ikugwira, thokozani. Tsiku logula ina musadalire mawu a wogulitsa, nyamulani laputopu yanu mukailumikize pompo mu shopu, ipulinte tsamba limodzi muone ndi maso. Za HP zambiri zimayenda chifukwa cha HPLIP, madalaivala a HP a pa Linux, koma alipo mapulinta ena otchipa omwe madalaivala ake a Linux ndi ovuta kuwapeza.

Ndipo tsegulani Timeshift lero lomwe. Imajambula mmene sisitimu ilili, ndiye update ikasokoneza zinthu mumabwerera pomwe munali dzulo. Koma dziwani kuti mafayilo anu ndi a makasitomala siisunga, amenewo muzikopera nokha pa hard drive ina. Nyengo ya chiperoni ino chinyezi chimalowa paliponse, hard drive yakale ikhoza kufa osatsanzika. Mukapeza kandalama ikani SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard drive, mu ya patebuloyo, mudzaona ngati mwagula yatsopano.

Mayi wa Fotokope:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Mafonti aja ndaika, ndatsegula CV yomwe inandivutitsa ija, yabwerera pa masamba awiri, siginecha ili pamalo pake. Ndapezanso kuti VLC yoonera mavidiyo ndi GIMP yokonzera zithunzi anaziika za Flatpak, ndazichotsa n'kuika zinazo. Achimwene a ku Bvumbwe, mawu anu ndawamva, makadi a ukwati ndiyamba ndaphunzira kaye ndisanalandire ndalama ya munthu.

Ndifunsenso ziwiri. Pali abusa ena achikulire omwe amabweretsa mapulogalamu a tchalitchi, ndipo safuna kuona dzina la dziko lathu lopanda kachipewa pa w. Panopa ndimachita kukopera chilembocho mu fayilo yakale. Komanso anthu ofunsira ntchito amafuna satifiketi ya MSCE, chitupa cha unzika ndi kalata zikhale mu PDF imodzi. Pamenepa nditani?

Wokonza Makompyuta ku Chitakale:

Abusawo akunena zoona, apatseni chilembo chawo. Dinani Ctrl, Shift ndi U pamodzi, musiye, mulembe 175, kenako Enter, ituluka ŵ. Yaikulu ndi 174. Ngati mukuilemba kawirikawiri, pitani pa Tools, AutoCorrect mu LibreOffice, muiuze kuti mukalemba Malawi izisintha yokha kukhala Malaŵi, kungoti muzikumbukira kuti izichitanso chimodzimodzi pa makalata a anthu ena.

Za masatifiketi, tsegulani Document Scanner, ili kale mu Mint. Mukasikana tsamba loyamba musasunge, ikani lachiwiri mudinenso Scan, mpaka onse athe, kenako musunge kamodzi ngati PDF. Posankha mtundu, ya Text imatulutsa fayilo yopepuka yosavuta kutumiza pa imelo, koma chitupa chokhala ndi chithunzi muchisikane ngati Image kuti nkhope ioneke. Ngati munthu wabwera ndi ma PDF osiyanasiyana a pa WhatsApp, ikani PDF Arranger, ya System Package, ndi yaing'ono. Mumangokokeramo mafayilo onse, kusanja masamba ndi mausi, kutembenuza omwe ali chadodolido, n'kusunga fayilo imodzi.